Park City: tauni yomwe inkakumba siliva, lero ikugulitsa chipale

Nachisale: Abale a pa gulu, alipo amene akuidziwa bwino mbiri ya Park City? Ndapeza ganyu pa hotela ina kuno ku Utah, ku America, nyengo ino yozizira. Ukakwera lifiti yochokera m'tauni kupita kuphiri, m'mbali mwake muli nsanja zachitsulo zadzimbiri zitandanda mpaka kumtunda, zopanda chingwe, zopanda ntchito. Bambo wina amene ndinakhala naye pampando anangoti ndi za mgodi. Mgodi wake uti pamalo pa anthu a ndalama ngati pano?

Yamikani: Asisi, mwafika pokwera zinthu zolendewera m'malere? Ife kuno ku Lilongwe tikungolimbana ndi matope a ku Mtandire kkkk. Tumizani chithunzi tione.

Tamanda: Anakuuzani zoona asisi. Nsanjazo zinamangidwa mu 1901 ndi eni mgodi wa Silver King. Pankadutsa chingwe chonyamula zidebe zachitsulo, potsika zitadzaza miyala ya siliva kupita ku njanji kumunsi, pokwera zitanyamula malasha a mgodi. Nyumba yaikulu yomwe zidebezo zinkakhuthulira inapsa mu 1981, n'chifukwa chake mukuona nsanja zokha. Ine ndimaphunzira za miyala ndi migodi ku Salt Lake City, likulu la Utah, ndipo Park City ndi komwe amakonda kutitengera. Pansi pa mahotela mukugwiramowo pali ngalande za mgodi zoposa mamailosi 1,000 zikaphatikizidwa. Phiri lonselo ndi lobooka mkati.

Nachisale: Mayo ine. Ndiye tikugona pamwamba pa maenje?

Tamanda: Ndithu. Nkhani yake inayamba ndi asilikali, osati amigodi. M'zaka za m'ma 1860 boma la America linaika gulu la asilikali pa Fort Douglas, pamwamba pa Salt Lake City, motsogoleredwa ndi Patrick Connor. Connor sankagwirizana ndi a mpingo wa Mormon, ndipo mtsogoleri wa a Mormon, Brigham Young, sankafuna kuti anthu ake azithamangira siliva ndi golide. Iye ankafuna ulimi. Connor anaganiza kuti akapeza chuma cha m'mapiri, alendo osakhala a mpingowo adzakhamukirako n'kuchepetsa mphamvu za Young. Ndiye ankawalola asilikali ake kuyendayenda m'mapiri kufufuza miyala. Mu 1868 ena anapeza siliva m'mapiri a pamwamba pa pomwe pali tauniyo lero. Mu 1872 anthu ena anapeza mzere wa miyala ya siliva womwe anautcha Ontario, n'kuugulitsa kwa George Hearst ndi anzake pa madola 27,000. Mgodi umenewo unadzatulutsa chuma choposa madola 50 miliyoni. Hearst ameneyu ndi bambo ake a William Randolph Hearst, mwini manyuzipepala uja.

Yamikani: Kamuzu ankanena kuti chuma chili m'nthaka, anthu inu mumkaganiza kuti akunena fodya yekha. Koma amene anagulitsa pa 27,000 aja, ana awo anawakhululukira?

Chisale wa ku Denver: Musawaseke aYamikani. Kupeza siliva ndi kumutulutsa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Munthu wa pikisi ndi fosholo sakanatha. Vuto lalikulu la migodi ya ku Park City linali madzi, ukakumba pang'ono madzi ali thoo. Pa Ontario anachita kuika pampu yaikulu ya mtundu wa ku Cornwall mu 1881, gudumu lake lokha lotalika pafupifupi mamita 9, ndipo kenaka anaboola ngalande zamakilomita angapo zoti madziwo azituluka okha kunsi kwa phiri. Zimenezo zimafuna munthu wa thumba lakuya. Wosauka amagulitsa chifukwa alibe podikira.

Tamanda: Komabe alipo amene anabwera chimanjamanja n'kulemera. Thomas Kearns anafika mu 1883 ali mnyamata wosauka, n'kuyamba ntchito yowola miyala mumgodi wa Ontario. Iyeyo ndi David Keith ndi amene anadzakhala eni Silver King. Mu 1901 Kearns anakhala seneta wa Utah ku Washington, anagulanso nyuzipepala ya Salt Lake Tribune. Nyumba yomwe anamanga ku Salt Lake City ndi imene bwanamkubwa wa Utah amakhalamo lero, mkazi wake anaipereka ku boma mu 1937.

Chisale wa ku Denver: Mwaona pamenepo? Nyumba anakamanga ku Salt Lake City. Hearst ndalama zake zinapita ku San Francisco. Ku Park City kunatsala tinyumba tamatabwa ta zipinda zitatu kapena zinayi, timene lero tikugulidwa mamiliyoni. Alendo amatijambula n'kumati n'tokongola, koma tinamangidwa mothamanga ndi matabwa opyapyala, moti chisanu chinkalowa osagogoda.

Malume Mbewe: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mukutchula mabwana okhaokha. Nanga amene ankatsika mukheji, chikepe chotsikira mumgodi chija, anali ndani? Bambo anga anapita ku Joni pa Wenela kawiri, anali malayisha. Anabwera ndi wailesi, njinga ndi chifuwa. Wailesi inawonongeka, njinga tinagulitsa, chifuwa n'chimene anapita nacho kumanda. Ndiye ndikamva za mgodi wolemera, ine ndimafuna kudziwa za manda ake.

Tamanda: Zikomo amalume. Manda alipo, ndipo asisi akhoza kupitako wapansi. Amatchedwa Glenwood, anakhazikitsidwa mu 1885, ali pafupi kwambiri ndi pomwe anthu amakwerera malifiti. Malowo anagawidwa m'magulu a mabungwe amene amigodi ankalowa, chifukwa bungwe ndi limene linkakuika m'manda n'kuthandiza mkazi wako ukafa. Kampani inalibe nazo ntchito. Ambiri mwa amigodiwo anali ochokera ku Ireland, ku Cornwall, ku Scotland ndi maiko a Scandinavia, pambuyo pake kunabwera a ku Finland ndi a kummwera kwa Ulaya. Matenda aja anatenga bambo anu analiponso kumeneko. Mwala wake uli ndi silika wambiri, ndipo makina oboolera atafika, fumbi linkadzaza m'ngalande chifukwa poyamba ankaboola osathira madzi. Makinawo amigodi ankawatcha opanga akazi amasiye. Munthu wa zaka 40 ankaoneka ngati nkhalamba.

Ngozi yaikulu inachitika pa 15 July 1902. Pa mgodi wa Daly West ankasunga wonga wophulitsira miyala pansi pomwepo, ndipo usiku umenewo nkhokwe yonse inaphulika. Anafa anthu 34. Ambiri sanaphedwe ndi kuphulikako koma ndi mpweya woipa umene unayenda m'ngalande mpaka kukalowa mumgodi wa Ontario, poti migodiyo inali yolumikizana. Ena mwa akufawo anali anthu amene anatsika kukapulumutsa anzawo. Pambuyo pake boma la Utah linaletsa kusunga wonga wambiri pansi pa mgodi.

Malume Mbewe: Lamulo limabwera maliro atachitika. Ifenso kwathu kuno Kamuzu analetsa Wenela ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anyamata athu oposa 70. Chipatala anali nacho?

Tamanda: Poyamba ayi. Wovulala ankanyamulidwa ulendo wa makilomita pafupifupi 50 kupita ku Salt Lake City, ndipo m'nyengo ya chipale ena ankathera panjira. Chipatala chinamangidwa mu 1904 ndi ndalama za amigodi eni ake kudzera ku bungwe lawo la apantchito, aliyense akudulidwa dola imodzi pamwezi. Nyumbayo ilipobe. Mu 1979 malo ake anafunika kuti pamangidwe zogona alendo, ndiye anainyamula yathunthu n'kukaikhazika ku City Park. Kwa kanthawi inali laibulale, ndipo posamutsa mabuku anthu a m'tauni anandanda mzere n'kumapatsirana pamanja.

Nachisale: Nyumba ya njerwa zofiira ija? Ndimadutsa pomwepo pa basi tsiku lililonse, ine n'kumayesa sukulu yakale. Koma chimandidabwitsa china. Pali malo oimika magalimoto otchedwa China Bridge, koma mlatho sindiuona, Matchaina sindiwaona.

Chisale wa ku Denver: Imeneyo ndi mbiri yowawa yomwe anaikuta ndi simenti. Kuseri kwa Main Street kunali dera la Matchaina, ambiri anali ochapa zovala, ophika ndi olima ndiwo zamasamba, poti mumgodi sankawalola. Anthu okhala pa phiri la Rossie anamanga mlatho wamatabwa wodutsa pamwamba pa dera lonselo kuti popita ku Main Street asamaponde pakhomo pa Mtchaina. Dzina latsala, eni ake anapita. Moto wa pa 19 June 1898 unapsereza nyumba pafupifupi 200, kuyambira pa American Hotel, ndipo dera la Matchaina linapsa nawo. Tauni inamangidwanso msangamsanga, koma dera lawolo silinabwererenso mwakale.

Yamikani: Kumanga mlatho wonse kuopa kupatsana moni? Anthu awa analidi ndi matabwa ambiri.

Mwale wa ku Kabwe: Ine funso langa ndi lina. Ndinabadwira ku Kabwe, mgodi wathu wa mtovu ndi zinki unatseka mu 1994 ndipo mpaka lero ana a ku Kasanda, Chowa ndi Makululu akupezeka ndi mtovu m'magazi. Siliva sayenda yekha, amakhala ndi mtovu. Ndiye musandiuze kuti ku Park City kulibe vuto limeneli. Analibisa kuti?

Tamanda: Mwalasa aMwale. Mwala wa ku Park City unali wa siliva, mtovu ndi zinki pamodzi. Dera la Prospector, komwe kuli nyumba ndi mahotela lero, linamangidwa pamwamba pa mchenga wotsala akasefa miyala. Tauniyo ili ndi lamulo lakuti m'madera amenewo mwini malo akwirire nthaka yakale ndi dothi labwino losachepera masentimita 15, abzale udzu kapena awake, ndipo ukakumba maziko dothi lotulukalo sungakataye paliponse. Kunja kwa tauni kuli Richardson Flat, chidambo chomwe ankatayirako zotsalira za migodi, ndipo bungwe la boma loona zachilengedwe la EPA lakhala nacho pantchito kwa zaka zambiri. Mtsinje wa Silver Creek nawonso unaipitsidwa.

Mwale wa ku Kabwe: Ndiye kusiyana kwake ndi dothi la masentimita 15 ndi ndalama zogulira dothilo. Poizoni ndi yemweyo. Kwathu mwana amasewera pa fumbi lenilenilo, chilimwe mphepo ikawomba limalowa mpaka m'mbale ya nsima. Kumeneko ali ndi kapinga wothirira, madokotala oyeza magazi, ndi eni nyumba oti akakwiya boma limanjenjemera.

Chisale wa ku Denver: Musaiwale kuti mtovu womwewo ndi umene unaipulumutsa tauniyo kale. Mu 1893 boma la America linasiya kugula siliva wambiri monga linkachitira, mtengo unagwa, ndipo matauni a siliva kuno ku Colorado anagwa chagada. Aspen inali ndi anthu oposa 10,000, pofika 1930 anatsala pafupifupi 700. Park City inapirira chifukwa inkagulitsanso mtovu ndi zinki, komanso migodi ikuluikulu inali ndi ndalama zosungira. Inadzafooka mochedwa, nkhondo yachiwiri itatha. Mu 1949 migodi yambiri inatseka, ndipo m'ma 1950 anthu anatsala ochepera 1,500. Olemba mabuku a zaulendo anayamba kuiika pa mndandanda wa matauni a mizukwa anthu akadali momwemo, akuphika, ana akupita kusukulu.

Nachisale: Ndiye zinatheka bwanji kuchoka pamenepo kufika poti khofi kapu imodzi ndimachita kuganiza kawiri?

Tamanda: Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Amaganiza kuti kunabwera anthu olemera ochokera kunja n'kugula tauni yakufa. Ayi, amene anayambitsa malo a ski, masewera otsetsereka pa chipale, ndi kampani ya migodi yomweyo. Mu 1953 makampani awiri akuluakulu otsala, Silver King Coalition ndi Park Utah Consolidated, anaphatikizana n'kukhala United Park City Mines. Kampaniyi inali ndi phiri lonse m'manja koma pansi pake sipankatulukanso phindu, ndiye anati tiyese pamwamba. Anapempha ngongole ku boma pansi pa ndondomeko ya Pulezidenti Kennedy yothandiza madera osauka. Pempholo linagona m'maofesi mpaka Jack Gallivan, mkulu wa Salt Lake Tribune, analitchula kwa Kennedy mwiniyo pa nkhomaliro ku White House mu 1962. Ngongole ya madola pafupifupi 1.2 miliyoni inatuluka. Pa 21 December 1963 anatsegula malo otchedwa Treasure Mountains, tikiti ya tsiku lonse ili madola 3.50. Kennedy anali ataphedwa mwezi umodzi m'mbuyomo.

Yamikani: Ndiye ngakhale ku America fayilo imafuna munthu wodziwana ndi bwana kuti iyende? Ndatonthozeka.

Chisale wa ku Denver: Ndipo onani kuti nyuzipepalayo ndi ija anagula Kearns ndi ndalama za Silver King. Ndalama ya siliva inangozungulira. Koma aTamanda, musawapatse ulemu wonse a kampani. Ski inalipo kale anthu wamba akusewera. Anthu a ku Norway ndi ku Sweden anabwera nayo, ogwira ntchito m'migodi ya kumtunda ankatsika pa matabwa aataliatali opanga okha. M'ma 1930 pa Ecker Hill pankasonkhana anthu masauzande kudzaonerera Alf Engen ndi anzake akulumpha. Mu 1946 anthu awiri a m'tauni momwemo, Bob Burns ndi Otto Carpenter, anapanga lifiti yawo ndi mitengo ya paini ndi zitsulo zotola ku migodi, pamalo otchedwa Snow Park. Pamenepo ndi pomwe pali Deer Valley lero, malo aja salola n'komwe munthu wa snowboard, wotsetsereka pa thabwa limodzi.

Tamanda: Snow Park inali ya ana a m'tauni Loweruka ndi Lamlungu, sikanadyetsa tauni. Popanda gondola ya 1963, lifiti ya tizipinda tolendewera pachingwe yomwe kampani inamanga, sipakanabwera mlendo wa ku California.

Chisale wa ku Denver: Popanda ana amenewo kampani ikanadziwa bwanji kuti phirilo ndi labwino kutsetserekapo? Mabwana aja ankadziwa za pansi pokha.

Tamanda: Za pansi pokha zimenezo n'zimene zinabala chinthu chodabwitsa kwambiri m'mbiri yonseyi. Amalume, iyi ndi yanu. Mu 1965 kampani inaganiza zonyamula osewera ski kudzera mumgodi. Pali ngalande yotchedwa Spiro, yomwe Solon Spiro anayamba kuboola mu 1916, ndalama n'kumuthera asanapeze kanthu, n'kuigulitsa kwa a Silver King. Ndiye alendo ankakwera tingolo ta sitima ya mumgodi, atavala zovala zawo zodula, n'kulowa m'phiri mtunda wa makilomita oposa 4 mumdima, madzi akudontha kuchokera kudenga. Akafika pa shafuti ya Thaynes ankalowa mukheji, woyendetsa ali mmigodi weniweni, n'kukwezedwa mamita oposa 500 mpaka kutulukira kumtunda kwa phiri. Potuluka ali chinyowere n'kukumana ndi mphepo ya pamwambapo, zovala zinkauma gwaa ndi chisanu. Ulendowo unkatenga pafupifupi ola lathunthu pamene gondola inali yachangu. Ambiri ankakwera kamodzi kokha kuti akasimbe kwawo. Pofika 1969 zinatha. Ngolo imodzi ili mu miziyamu ya pa Main Street, mukhoza kulowamo n'kukhala.

Malume Mbewe: Hedee! Munthu kulipira ndalama yake kuti alowe mukheji? Bambo anga ankati tsiku loyamba kheji itawagwetsera pansi, mimba inatsala kumwamba, ndipo mnzawo wa ku Ntcheu anaitana mayi ake mokweza mpaka anthu a ku Lesotho anamupatsa dzina. Akanamva kuti ena amachita kugula tikiti akanaseka mpaka kutsokomola. Koma ndikuganiza za woyendetsa khejiyo. Zaka zonsezo akutsitsa anzake kukafa ndi fumbi, lero akukweza alendo okaseweretsa miyendo. Ankaganiza chiyani mumtima?

Chisale wa ku Denver: Ambiri sanakondwe nazo amalume. M'ma 1960 ndi 1970 m'tauni munali magulu awiri, mabanja akale a migodi ndi achinyamata a tsitsi lalitali obwera kudzasewera ski, ogula nyumba za amigodi pamtengo wotaya. M'mabala munkabuka ndewu. Migodi sinatseke tsiku limodzi, Ontario inagwira mpaka 1982, ndiye kwa zaka pafupifupi 20 ena ankatsika pansi m'mawa pamene ena akukwera pamwamba pa phiri lomwelo. Kampani ya migodi nayonso bizinesi ya alendo inaikanika. Kuchiyambi kwa m'ma 1970 inabwereketsa malowo kwa Edgar Stern, yemwe pambuyo pake anatsegula Deer Valley mu 1981. Chaka chomwecho chikondwerero cha mafilimu chija chinadzatchedwa Sundance chinasamukira ku Park City. Kuyambira pamenepo mitengo ya nyumba sinayang'anenso m'mbuyo.

Nachisale: Za nyumba musandiyambe. Ife timagona anayi m'chipinda chimodzi, mabedi osanjikiza, ine ndi atsikana awiri a ku Peru ndi m'modzi wa ku South Africa. Lendi amadula kumalipiro tisanaione ndalama. Anzathu ena amakhala ku Heber kapena ku Kamas, ena amachokera ku Salt Lake City m'mamawa kudzera mu Parleys Canyon, chipale chikagwa usiku amafika maso ali gwaa ndi mantha. Pamene nyumba zomwe timakonza, zina zipinda 8, mwini wake amabwera pa Khirisimasi basi, chaka chonse zimangokhala zotseka ma heater akuyaka. Chabwino chokha mabasi ndi aulere.

Mwale wa ku Kabwe: Ndiye komboni ilipobe, anangoisunthira kuseri kwa phiri.

Yamikani: Koma asisi madola mukutumiza, tisanamizane. Amalume, wailesi ndi njinga zikubwera.

Malume Mbewe: Bola abwere ndi mapapo ake onse. Pamenepo pokha ndivomereze kuti zinasintha, kuyala bedi sikupha munthu ngati fumbi la mwala.

Chisale wa ku Denver: Kuyala bedi ayi, koma ntchito yoopsa ilipo. Amene amalondera phiri amadzuka kusanache kukaphulitsa mabomba kuti chipale chogumuka chigwe alendo asanafike, ndiponso ndi amene amatsitsa ovulala. Pa 27 December 2024 pafupifupi 200 a iwo ananyanyala ntchito pa Park City Mountain, pakati penipeni pa nyengo ya ndalama. Ankafuna malipiro oyambira achoke pa madola 21 kufika 23 pa ola. Mbali yaikulu ya phiri inatsekedwa, mizere ya alendo inafika kutali, ndipo patatha pafupifupi masabata awiri kampani ya Vail Resorts, yoyendetsa malowo, inavomera. Madola awiri, pamalo pomwe tikiti ya tsiku limodzi imaposa madola 300 nthawi ya tchuthi.

Yamikani: Vail ndi ya ku Colorado kwanuko eti? Inalowa bwanji ku Utah?

Chisale wa ku Denver: Nkhani imeneyo ndi yoseketsa kuposa ya kheji. Kumbukirani kuti nthaka ya phiri inali ya kampani ya migodi, oyendetsa ski ankangochita lendi. Kampani ya Powdr, yomwe inkayendetsa malowo, inkalipira madola 155,000 okha pachaka, mtengo wa pangano lakalekale, ndipo inali ndi ufulu wowonjezera panganolo pongolemba kalata tsiku lisanadutse. Mu 2011 kalatayo inachedwa ndi masiku ochepa. Nthawiyi n'kuti United Park City Mines itagulidwa ndi kampani ya ku Canada yotchedwa Talisker, ndipo iwowa sanachite chisoni. Zili ngati munthu wobwereka dimba kwa zaka makumi anayi, waiwala kukaonekera kwa mwini dimba chaka chimodzi, n'kupeza mwalowa wina mbewu zake zili momwemo. Nkhani inapita kukhoti, Powdr inagonja, ndipo mu 2014 inagulitsa zotsala zake kwa Vail pa madola 182.5 miliyoni. Chaka chotsatira Vail inalumikiza phirilo ndi Canyons pa gondola, n'kukhala malo a maekala 7,300. Ndiye malire amene amigodi anakhoma zikhomo m'ma 1800 ndi amene anagamula mwini ski wa lero.

Tamanda: Mu 2016 Vail inafunanso kulembetsa dzina loti Park City ngati chizindikiro chake cha malonda. Anthu anakwiya, anasonkhana pa holo ya tauni ndi zikwangwani, kampani n'kubweza pempholo. Anthu a kumeneko akafuna chinthu amalimba. Mu 2018 anavota kuti tauni ikongole madola 48 miliyoni kuti igule Treasure Hill, phiri lomwe lili pamwamba pa Main Street, pofuna kuti pasamangidwe mahotela. Ndi kumene kuli nsanja zina za Silver King.

Yamikani: Funso lachibwana. Ifeyo sitingachite zomwezi? Mgodi ukatha, tiitane alendo. Mapiri tili nawo.

Tamanda: Matauni a migodi amene anafa kumadzulo kwa America ndi mazanamazana, opulumuka mukhoza kuwawerenga pa zala. Park City inali ndi zinthu zomwe sizigulidwa: ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,100 pomwe chipale chimagwa chouma ndi chambiri, bwalo la ndege lalikulu lili pamtunda wosakwana ola limodzi pa msewu wabwino, ndipo phiri lonse linali la mwini m'modzi woti akasaina zatha. Tauni ya Eureka, ku Utah komweko, inalinso ya siliva, koma ilibe phiri la ski. Inatsala ndi anthu mazana ochepa ndi mtovu m'mabwalo a nyumba, mpaka boma linachita kukachotsa dothi. Imeneyo ndi imene ikufanana ndi Kabwe.

Mwale wa ku Kabwe: Bola kumeneko anachotsa.

Nachisale: Wina anandiuza kuti Olimpiki ikubweranso, n'zoona? Kuno aliyense akungokamba za lendi kuti idzakwera.

Chisale wa ku Denver: N'zoona, mu 2034, anapatsidwa mu July 2024. Ya 2002 mipikisano yambiri inachitikira komweko, ku Deer Valley, ku Park City Mountain ndi ku Utah Olympic Park. Mukapeza mpata pitani ku Olympic Park mukaone njira ya bobsleigh, mpikisano wa tingolo totsetsereka pa ayezi. Pamenepo ndi pomwe Vonetta Flowers anapambana golide mu 2002, munthu wakuda woyamba kupata golide pa Olimpiki ya nyengo yozizira. Koma Sundance ikuchoka, kuyambira 2027 izichitikira ku Boulder kuno kwathu. Ena mwa madandaulo anali omwewo anuwo, malo ogona kuchepa ndi kudula.

Mwale wa ku Kabwe: Ndibwerere ku nkhani yanga pang'ono. Asisi, madzi mumamwa a pampopi?

Nachisale: Eya, bwanji? Musandiopseze aMwale, ndili ndi kapu m'manja.

Tamanda: Imwani asisi, amayezedwa. Koma aMwale afunsa bwino. Madzi aja ankavutitsa amigodi ndi amene tauni ikumwa lero. Gawo lalikulu limachokera m'ngalande za Judge ndi Spiro, ija ankadutsamo a ski. Amatuluka ndi zitsulo monga arsenic, antimony, cadmium ndi zinki, ndiye tauni inamanga fakitale yosefera yotchedwa 3Kings yomwe inadya madola oposa 100 miliyoni, ndipo ndalamayo ikubwezedwa kudzera m'mabilu a madzi. Chinanso, ngalandezo zikagumuka madzi atsekeka, choncho mpaka pano pali anthu amene amavala zipewa za nyali n'kulowa m'phirimo kukachirikiza denga ndi kuchotsa miyala yogwa. Amigodi omaliza a ku Park City akugwirira ntchito madzi a m'mabafa a mahotela.

Malume Mbewe: Amenewo ndiye ndikanakonda kucheza nawo. Mwana wanga Nachisale, ukapita ku manda a Glenwood aja undijambulire miyala ingapo, ndione zaka zomwe ankafera. Ndikufuna ndifanizire ndi za anzawo a bambo anga, poti mapepala a chipukuta misozi cha silicosis, matenda a fumbi la mumgodi, aja tikuwathamangirabe mpaka lero.

Nachisale: Ndipita Lachiwiri amalume, ndi tsiku langa lopuma, bola chipale chisakwirire miyalayo. AChisale, miziyamu ija amalowetsa zingati? Ngati ndi yoposa ola langa limodzi la ntchito ndingoonera pawindo.